Ndinakwirira Thirakitala ya a Namacha

Ntchito yoyamba imene ndinalembedwapo inali yopepuka kuposa ntchito zonse: kuwerenga nambala imodzi ndi kukoka chingwe chimodzi. Ndinaigwira masiku awiri ndi theka. Theka lakelo ndi limene ndikufuna ndikufotokozereni ndekha, chifukwa anthu ena kwathu ku Domasi amaikokomeza nkhaniyi ngati ndinapha munthu.

N'kuti matipate atalowa kale, zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto. Ine ndinali nditasiyira sukulu Fomu 3 (musandifunse chifukwa, bambo atamwalira zina zonse zinangotsatira). Ndinkakhalira kugulitsa nzimbe pa Songani, n'kumaona anzanga akudutsa pa minibasi kubwerera ku Malosa atavala yunifomu, ena n'kumandikwezera dzanja pawindo ngati nduna. Mtima unkandiwawa, ndipo ululu wonsewo unkatulukira pakamwa. Kasitomala akachedwa kusankha nzimbe ndinkamuuza kuti apite akadzale yake.

Mayi anaona kuti pamenepa tsiku lina ndidzamenyedwa. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anakagwadira a Chikopa, manijala wa famu ina ya mbewu ya chimanga kumunsi kwa chigwa, n'kuwapempha kuti andipatseko chochita. A Chikopa anati ndibwere andiyese masiku atatu. Ndikachita bwino, ntchito ndi yanga.

"Masiku atatu okha," anatero mayi pondipatsa nsapato za malemu bambo. "Pakamwapo utseke masiku atatu okha. Ukalembedwa udzatsekula."

Lolemba m'mawa a Chikopa anandipititsa pa shedi ya thirakitala. Anatulutsa m'chikwama kanthu kakuda, kofanana ndi wailesi yaing'ono koma kokhala ndi kagalasi kutsogolo. Anati anakabwereka kwa mlamu wawo amene ankagwira ntchito yoyeza malo, ndipo kanthuko dzina lake ndi GPS. Kamalankhulana ndi masetilaiti a kumwamba, ndipo kamakuuza pamene uli ndi liwiro limene ukuyenda.

Vuto lawo linali ili. Kumbuyo kwa thirakitala kunali chowazira feteleza, chonga ndowa yaikulu yokhala ndi mbale yozungulira kunsi kwake. Chimenechi chimangowaza mofanana, sichidziwa ngati mukuthamanga kapena mukukwawa. Mukathamanga feteleza amachepa, mukachedwa amachuluka. Chaka chathacho chimanga chinamera mizeremizere, apa chobiriwira apo chachikasu, ndipo a Chikopa ankakayikira dalaivala kuti liwiro akulisinthasintha. Wotchi ya sipidi ya thirakitalayo inafa kalekale.

"Ndipo ngakhale ikanakhala yamoyo," anatero, "wotchi imawerenga kuzungulira kwa matayala. Matayala amanama. Pamatope amazungulira pomwepo, wotchi n'kumati mukuyenda. Aka sikaona matayala, kamaona nthaka imene mwadutsa. Wamva?"

Ndinati ndamva. Zoona zake n'zakuti mawu amenewa anangondidutsa, chifukwa maso anga anali pa kagalasi, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mmene ndikafotokozere pa Songani kuti masiku ano ndimagwira ntchito ndi masetilaiti.

Lamulo linali losavuta. Ndikhale pa madigadi, chitsulo chophimba tayala lakumbuyo, pambali pa dalaivala. Nambala ikhale pa 6. Ikatsika kapena kukwera ndimuuze. Thirakitala ikamakhota kumapeto kwa mzere kapena ikaima, ndikoke chingwe chotsekera feteleza.

Dalaivala wake anali a Namacha, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Anayamba kuyendetsa thirakitala m'minda ya tiyi ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana, anayang'ana kachipangizo, n'kuyang'ana nsapato zanga.

"Ndiye ndinu a sukulu amene mwabwera kudzandiphunzitsa kuyenda?"

"Sindinabwere kudzaphunzitsa munthu, madala. Ndabwera kudzawerenga."

"Chabwino. Panopa kakuti chiyani?"

Kanatenga nthawi kuti kadzuke, ndipo katadzuka kanalemba 1, kenako 0, kenako 1 kachiwiri, ife tili chiimire pansi pa shedi.

"Kakuti tikuyenda pang'ono," ndinatero.

"Eya. N'chifukwa chake ndimafika kunyumba nditatopa, kani ndimayenda ngakhale nditaima."

A Chikopa anati kamachita choncho kakakhala poima kapena pansi pa malata, tisadandaule. Koma a Namacha anali atapeza kale nthabwala ya sabata yonse, ndipo ine ndinali nditawada kale.

Tsiku loyambalo tinayamba kumtunda kwa munda, kumene dothi lake ndi lofiira, louma bwino. A Namacha analowetsa giya, anakankha kachitsulo ka moto pang'ono, anapendeketsa mutu ngati akumvetsera mwana akupuma, n'kukankhanso pang'ono. Kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, maso ali pansi, pafupi ndi tayala lakutsogolo. Ndinayang'ana pa kagalasi: 6. Tinafika kumapeto, ndinakoka chingwe, tinakhota, ndinamasula: 6. Pokwera kachitunda anawonjezera moto ndisanatsegule pakamwa. Potsika anachepetsa. Tsiku lonse nambala inkangovina pafupi ndi 6, ine ndili duu pa madigadi, matako akuphikidwa ndi chitsulo.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Madzulo ake a Chikopa anabwera pa njinga yamoto n'kundiitanira pambali.

"Wawawongola kangati?"

"Sindinawawongolepo, bwana. Akungoyenda pa 6."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Anakanda chibwano. "Ndiye kuti mwina vuto la chaka chatha linali chowazira, osati iwo. Mwinanso sipakufunika munthu pamenepa." Anatero akudzilankhulira, koma ine ndinamva bwinobwino, ndipo ulendo uno mawuwo sanandidutse.

Popita kunyumba ndinkangoona nzimbe. Ndiye kuti madala aja, pokhoza ntchito yawo, akundichotsa ine ntchito. (Ndikudziwa kuti maganizo amenewa ndi opusa. Panthawiyo ankaoneka ngati masamu.) Ndinatsimikiza mumtima kuti mawa, zivute zitani, ndiwapeza ndi cholakwa.

Usiku umenewo kunagwa mvula, ndipo Lachitatu kunacha dzuwa lili phwee. Mbali imene inatsala inali ya kumunsi, yoyandikana ndi mtsinje, kumene dothi lake ndi lakuda, la makande. Pamwamba pankaoneka pouma. Titafika pamalire ake a Namacha anaimitsa thirakitala, anatsika, n'kuponda pansi ndi chidendene kawiri.

"Kuno tikusiye, a sukulu. Tidzabwere Lachisanu kukauma."

Lachisanu ine ndikanakhala ndili pa Songani.

"Bwana anati munda wonse uthe lero," ndinatero. Sananene choncho ndendende, koma sananenenso kuti usathe.

A Namacha anandiyang'ana kanthawi, n'kukwera. Anayamba kuyenda m'mphepete, mosamala, ndipo mzere woyamba unatha bwino. Pa mzere wachiwiri ndinaona chimene ndinakhala ndikuchidikira masiku awiri: nambala inatsika kufika pa 5. Ndisakunamizeni, ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso.

"Mwatsika, madala. Onjezani moto."

"Pano si pa moto. Pakuterera. Ndikhotere kumtunda."

"Kakuti 5. Bwana anati 6."

"Mwatsimikiza, a sukulu?"

"Si ine, ndi setilaiti."

Anawonjezera pang'ono. Injini inakweza mawu, thirakitala inagwedezeka, nambala inapita pa 4. Dzuwa linkawala pa kagalasi, choncho ndinavula chipewa n'kukaphimba, ine n'kuweramira momwemo ngati munthu woyatsa fodya pamphepo. Kuyambira pamenepa sindinaonenso munda, thambo kapena tayala. Dziko langa lonse linali nambala.

"Ili pa 4. Onjezani."

"Mwana wanga, dzutsa mutu uone."

"Ndikuona bwinobwino. Mukuchedwa."

"Ndikufunsanso. Mwatsimikiza?"

Apa ndi pamene ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

"Kapena ndikawauze bwana kuti mwakana? Paja kachipangizoka anakabweretsa chifukwa cha inu."

Ndinazindikira pambuyo pake kuti a Namacha nawonso anali ndi mantha awo. Munthu wa imvi akaona abwana akumuikira mnyamata wa Fomu 3 pambali ndi chida chochokera kunja, amadziwa kuti akumuyeza. Anangotambasula dzanja n'kukankha kachitsulo ka moto mpaka kumapeto.

Thirakitala inabangula. Inkanjenjemera yonse, utsi wakuda uli tolotolo, matope akundimenya kumsana, feteleza akuwaza ngati matalala. Thupi langa linkandiuza kuti tikuuluka. Ndinagwiritsa madigadi ndi dzanja limodzi kuopa kugwa. Koma nambala inati 3. Kenako 2.

"Onjezaninso!"

"Moto watha, a sukulu. Wotsala ndi wa ku gehena."

Inafika pa 1. Kachipangizo kaja ndinakagwedeza, ndinakamenya pachikhatho ngati wailesi yotha mabatire. Ndinaganiza kuti kawonongeka, ndipo mtima unagwa poganiza za mlamu wa a Chikopa. Kenako kanalemba 0, n'kukhazikika pamenepo.

Ndipamene ndinadzutsa mutu.

Chinthu choyamba chimene ndinaona anali mayi wina wa ganyu, khasu lili paphewa, ataima chapatali pang'ono kumanzere kwathu. Anali ataima, osati kuyenda, ndipo ife sitimawapitirira. Tinayang'anana. Anandiweramira pang'ono mwaulemu ngati tinakumana panjira. Chachiwiri chimene ndinaona chinali nthaka. Inali itakwera. M'mawa pokwera pa madigadi ndinachita kudumphira, koma tsopano ndikanatha kuthyola udzu ndili chikhalire. Matayala akumbuyo anali atadzikumbira maenje, thirakitala itagona pamimba ngati nkhumba.

A Namacha anazimitsa injini. Kunangoti zii, kupatula kaphokoso kena kumbuyo, konga mchenga ukuthiridwa m'beseni.

"Chingwe, a sukulu," anatero motsitsa mawu.

Chingwe ndinali nditachiiwala kuyambira pa 4. Feteleza yense amene amayenera kukwanira mbali yonseyo anali atawazidwa malo amodzi, ndipo wotsalayo ankangokhuthukira pansi mulu. Ndinadumpha kuti ndikatseke ndi manja, n'kulowa m'matope mpaka m'ntchafu. Ndinakweza kachipangizo pamwamba pa mutu ngati munthu wowolotsa mwana pamtsinje. Ndinazula mwendo wamanja, unatuluka wopanda nsapato. Ndinazula wamanzere, chimodzimodzi. Pofika pachowazira n'kuti mulibe ngakhale feteleza wodzaza chikho.

Anthu a ganyu anasiya ntchito zawo n'kubwera. Panalibe amene anaseka mokweza, ndipo zimenezo zinkawawa kuposa kuseka. Mayi a khasu aja anandifunsa mwachifundo, "Achimwene, ndiye a kumwambawo sanakuuzeni kuti pano ndi padambo? Ife timadzalapo mpunga chaka chimene bwana satiletsa."

Tinayamba kukumba. Ena anapita kukadula mitengo ya bulugamu, ena kukatuta miyala kumtsinje. A Namacha ankalamula modekha, apa kumbani, apa ikani mtengo, osandiyang'ana n'komwe. Ine ndinkakumba ndi manja pansi pa tayala, mbali ina kufuna kuoneka wothandiza, mbali ina kufunafuna nsapato za bambo. Ndinapeza imodzi.

Chakumasana tinamva njinga yamoto. A Chikopa anaima pouma, anayang'ana thirakitala, anayang'ana bwalo loyera la feteleza lotizungulira, n'kuvula magalasi awo.

"A Namacha, zaka zonsezi, inu n'kulowa pamakande mvula itagwa?"

A Namacha anavula chipewa. "Bwana, pepani. Maso akukalamba. Ndinaona ngati pauma, ndiye nditamva kuti yayamba kuterera ndinati mwina ndikaipatsa moto idutsa. Mnyamatayu ntchito yake ndi yowerenga basi, ndipo amawerenga bwino. Cholakwa ndi..."

Ndikanakonda kukuuzani kuti chimene chinandilankhulitsa ndi chikumbumtima. Mwina chinalipo pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti madala aja ankalankhula pang'onopang'ono, mozungulira, akupinda chipewa m'manja, ndipo ine kupirira ndilibe. Ndiponso kunamiziridwa zabwino ndi munthu amene wamuopseza kumene kumayabwa kuposa chitedze.

"Akunama, bwana," ndinatero. (Mkulu wa mpingo, pamaso pa anthu. Mayi anga atamva zimenezi anagwira kumutu kuposa za thirakitala.) "Anati tisalowe, ine ndinati inu mwalamula. Anati tikhote, ine ndinati awonjezere moto. Ndinawaopseza kuti ndikawanenera. Chingwenso ndinaiwala ndine."

A Chikopa anatambasula dzanja, ndinawapatsa kachipangizo kawo. Kanali koyera bwino, chinthu chokhacho choyera pathupi langa lonse.

"Nambala imati chiyani?"

"Imatsika, bwana. 5, 4, mpaka 0."

"Moto ukukwera, nambala ikutsika. Lolemba ndinakuuza chiyani za matayala?"

Pamenepo mawu aja anabwerera onse, mochedwa ngati basi ya boma. "Munati amanama."

"Ndipo 0 amatanthauza chiyani?"

"Kuti sitikuyenda."

"Ndiye masetilaiti ali kumwamba kutali uko anaona kuti mwatitimira, a Namacha anaona, mayi awa anaona. Amene sanaone ndi iwe wekha, amene unakhala pamwamba pa tayala lenilenilo."



A Chikopa anati ntchito yowerenga nambala yatha, kachipangizo kabwerera kwa mwini wake mawa, popeza kasonyeza kale zimene amafuna kudziwa: dalaivala wawo alibe vuto. Ine ndipite kunyumba. Ndinatola nsapato yanga imodziyo n'kuyamba kuyenda.

"Bwana," anatero a Namacha kumbuyo kwanga, "mbali ya kumtsinjeyi imavuta chaka chilichonse. Pamafunika munthu woyenda kutsogolo kwa thirakitala ndi ndodo, azibaya pansi, aziona pofewa. Ine kutsikatsika mawondo akukana."

"Ndiye mukufuna ameneyu? Wokuopsezaniyu?"

"Makande wawadziwa tsopano, mpaka m'ntchafu. Ndipo akaona chinthu sachedwa kunena. Tingomuphunzitsa koyang'ana."

A Chikopa anapukusa mutu, koma anavomera. Thirakitala inatuluka dzuwa litapendeka, ndipo Lachisanu ndinabwera kuntchito wopanda nsapato, n'kupatsidwa ndodo ya nsungwi yosongoka. Kuchoka pa setilaiti kufika pa nsungwi m'sabata imodzi. Pa Songani sindinafotokoze chilichonse.

Kupepesa kunanditengera milungu iwiri. Tsiku lina tikupuma ndinangoti, "Madala, zija ndinanena zija." Iwo anati, "Ziti?" n'kundipatsa chinangwa chawo theka. Ndinagwira nawo ntchito nyengo zitatu, ndipo ndi iwo amene anadzandiphunzitsa giya.

Kupsa mtima sikunandithere, musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Chimene ndinatolapo n'chochepa: munthu wamkulu akakufunsa kawiri kuti "mwatsimikiza?", si funso limenelo, tsika ukaone. Ndimakumbukira zimenezi kawirikawiri nditalakwa kale.

Pamene panathiridwa feteleza paja sipanamere kanthu chaka chimenecho. Chimanga chinakula mbali zonse, koma pakati panatsala bwalo lopserera, lozungulira bwinobwino, loti mukhoza kuvinirapo. Tsiku lina kunabwera alendo odzaona mbewu, atavala nsapato zoyera, ndipo mmodzi anandipeza ndili ndi ndodo yanga pafupi ndi bwalolo.

"Iwe, apa panachitika chiyani?"

"Mphenzi, bwana," ndinatero osaphethira.

Mlendoyo sanakhutire. Anatembenukira kwa a Namacha, amene ankapukuta manja ndi kansanza, n'kufunsa ngati zinali zoona. Ine ndinadziwa kuti zandivuta, chifukwa mkulu wa mpingo ananama kale kamodzi chifukwa cha ine, ndipo sindinkayembekezera kachiwiri.

A Namacha anayang'ana bwalolo, anayang'ana ine, n'kupinda kansanza kawo bwinobwino.

"Ine ndinalipo tsiku limenelo, bwana," anatero. "Phokoso lake sindidzaliiwala."